Gashe Molla Abweza Foni Zaka Zisanu ndi Ziwiri

Gashe Molla mutha kuwanena chilichonse. Muwanene chipewa chawo chakuthaitha chija, angoseka. Muwanene mano, aseka ndi mano omwewo. Koma mudzangoyerekeza kunena kuti wotchi yawo yatsalira, abale inu, mudzaona maso akufiira pompo!

Wotchi yake ndi chiwotchi chachikulu cha mivi yakuda chimene chili pamwamba pa chitseko cha kashopu kawo, mumsewu wathu uno ku Dessie. Kashopuko n'kakang'ono koti akayetsemula chigongono chimagunda khoma. Ntchito yokonza mawotchi anaiphunzira ali mnyamata kwa Mwarabu wina wa ku Yemen, ndipo ndi yemweyo anawasiyira chiwotchicho pobwerera kwawo. Akuti kale wailesi ikamati pii, pii, piii masana, Gashe amakhala atakwera kale pampando, chala chili pamuvi. Madalaivala a basi za ku Addis ankaima dala pamenepo kuti atchere mawotchi awo. Aphunzitsi, apolisi, onse khosi m'mwamba! Mpaka lero amakuonetsa chalacho n'kumati, “Tauni yonseyi inkayenda ndi chala ichi.”

Akazi awo anamwalira kalekale, ana onse ali ku Addis. Mafoni atabwera makasitomala anachepa, koma Gashe sanadandaule kwenikweni, chifukwa panatsala munthu mmodzi amene ankawafunsabe nthawi.

Munthuyo ndi Etiye Lubaba, mayi ogulitsa khofi pakhonde loyandikana ndi kashopuko. M'mawa uliwonse amayala udzu wauwisi pansi, amakoleza mbaula, amaponya lubani pakhala, msewu wonse fungo guu. Ndiye akamakazinga khofi ankaitana:

“Gashe, nthawi ili bwanji?”

Tangoganizani! Chiwotchi chili pamwamba pa mutu wawo penipeni, chachikulu ngati mbale yodyera injera, chigumu chathu chathyathyathya chija, koma ayi, ankafunsabe. Gashe nawo sankayankha msanga. Ankayang'ana kaye ya pamkono, kenako ya pakhoma, kenako n'kutsokomola.

“Yangokwana 1 koloko, Etiye.”

“Ndiye ndachedwatu.”

“Simunachedwe inu. Ndi dzuwali lafulumira.”

Tsiku lililonse mawu omwewo, ndipo tsiku lililonse Etiye ankaseka ngati akuwamva koyamba. Kenako kapu yoyamba inkapita kwa Gashe. Paja khofi amathiridwa katatu: woyamba wakuda bii, wokandapala, woti ukamwa makutu amatseguka, wachiwiri ndi wabwinoko, wachitatu ndi madzi ongodutsa pafupi ndi khofi. Zaka zonsezi kapu yoyamba ya tsiku inali ya Gashe Molla, ndipo palibe ankaifunsa. Ngakhale anyamata a bajaji, tigalimoto ta mawilo atatu tija, ankadziwa kuti imeneyo ili ndi mwini wake.

Ndiye kunabwera Ato Yimer.

Eee, Ato Yimer! Bambo wamkulu ndithu, wongochepa pang'ono kwa Gashe, koma tsitsi lodaya lakuda ngati polishi, jekete lachikopa, ndi perefyumu yoti imawoloka msewu mwini wake asanawoloke. Anakhala zaka zambiri ku Italy, ndipo pobwera anatsegula shopu ya mafoni moyang'anizana ndi Gashe. Pamwamba pa chitseko anapachikapo wotchi ya magetsi, manambala ofiira psuu, mpaka timasekondi tikuthamanga pambali.

Tsiku loyamba Gashe anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuno timayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ngati anthu abwinobwino. Koma wotchi ya Ato Yimer inkawerenga chizungu, kuyambira pakati pa usiku anthu ali mtulo. Ife tikuti 1 koloko, iyo ili 7!

“Yapenga isanathe n'komwe tsiku,” anatero Gashe. “Dikirani magetsi azime muone.”

Magetsi anazimadi. Wotchi ija inathima, Gashe anatulutsa mpando panja kuti aonere bwino. Koma magetsi atangoyaka, manambala anaphethira kawiri, basi n'kulondola okha, popanda munthu kukwera pampando. Gashe anangonyamula mpando wawo n'kulowa.

Posakhalitsa anyamata a bajaji anayamba chipongwe.

“Gashe, yanuyi yatsalira mphindi ziwiritu!”

“Iwe, ndi inayo yathamanga. Choka apa, ndinkakonza wotchi ya bambo ako iwe ukuyamwa.”

Zimenezo akanapirira. Chimene chinawalasa chinali china. Ato Yimer anayamba kuwoloka kudzamwa khofi, n'kumati, “Etiye Lubaba, ku Italy konse ndinazungulira, khofi ngati uyu kulibe.” Ndipo Etiye ankaseka atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango. Gashe anali asanawaonepo akuseka choncho! Ankangoweramira wotchi ya kasitomala, kagalasi kokonzera kali m'diso, koma diso linalo lili pakhonde.

Kenako Fozia, mwana wa Etiye amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Jeddah, kudziko la Aarabu, anatumiza foni yatsopano, ija yongosisita pagalasi, kuti azionana nkhope akamaimba. Etiye anaitenga n'kuwoloka nayo msewu kuti Ato Yimer awatcherere. Anakhalitsako, abale! Gashe anaima pakhomo nthawi yonseyo, ataiwala kuti kagalasi kadakali m'diso. Ankaona mitu iwiri itaweramira foni imodzi, wina wa mpango, wina wa polishi.

M'mawa mwake lubani anafuka, khofi anakazingidwa, Gashe anakonzeka kutsokomola. Zii. Etiye anangopisa dzanja m'thumba la diresi, kutulutsa foni, milomo ikugwedera powerenga.

“Seveni… ndichotsepo sikisi… 1 koloko. Ndachedwa.”

Kapu yoyamba inabwera ndithu, koma yopanda funso. Gashe akuti khofi wa tsiku limenelo ankamveka ngati mankhwala a malungo. Anadziwa kuti funso likapita, kapu nayo ili m'njira.

Masiku angapo anangokhala ndwii. Ndiye tsiku lina Etiye anadandaula okha.

“Foni imeneyi ikundilankhula chizungu. Tsiku lililonse masamu m'mawa, ngati ndili kusukulu.”

Gashe anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

“Bweretsani kuno! Anthu ena amadziwa kugulitsa basi. Nthawi ili ndi eni ake.”

Zoti anthu amabweza ola la pafoni kuti lifanane ndi lathu, Gashe ankazidziwa, ambiri amachita zimenezo kuno. Anafufuza m'fonimo theka la tsiku mpaka anapeza kabatani kamene kamachititsa foni kutenga nthawi yokha pa netiweki. Anakazimitsa. Anabweza maola asanu ndi limodzi. Bwinobwino! Akanalekera pomwepo mwina zikanayenda. Koma diso linagwera pa deti.

“Taonani izi! Chaka nachonso n'chachizungu!”

Paja kuno tili ndi kalendala yathuyathu, ndiye foni inali itathamangira kutsogolo zaka zisanu ndi ziwiri, mwezi wakenso wina, tsiku lakenso lina. Gashe anapukusa mutu mwachisoni, koma mumtima akuvina. Munthu wochokera ku Italy wapereka foni yosadziwa n'komwe chaka chimene tili! Anabweza zonse, chaka, mwezi, tsiku, mpaka zinafanana ndendende ndi kalendala ya kutchalitchi imene ili pakhoma pawo.

“Nayi, Etiye. Tsopano yafika ku Dessie. Ija inali idakali m'ndege.”

Etiye anayang'ana, anaomba m'manja. “Gashe, koma muli ndi manja inu!”

Tsiku limenelo Gashe anakonza lamba wa wotchi ya wapolisi ulele, anapatsa moni ngakhale anyamata a bajaji. Ato Yimer atawakwezera dzanja kutsidya, nawo anakweza, mpaka kumwetulira.

Tsono Fozia amapatsidwa mpata woimba Lachisanu lokha, abwana ake akapita kokacheza kwa abale. Lachisanu litafika Etiye anavala mpango wawo wabwino uja, anaimika foni pathireyi pakati pa timakapu, anakhala tsonga. Anadikira. Makala anazima, anakolezanso. Foni inangoti zii. Pagalasi pankangotuluka timawu ta Chingerezi, Etiye n'kumatikankhira kumbali poyesa ndi zotsatsa malonda.

Loweruka anagula bandulo ina. Zii. Lamulungu anayesa kutumiza uthenga wa mawu, unangoima pomwepo osapita. Ndipo mumsewu uno palibe amene sadziwa nkhani za atsikana okagwira ntchito ku Jeddah, wina kulandidwa foni, wina kutsekeredwa, wina kubwera m'bokosi. Etiye anasiya kudya. Khofi ankapserera akuyang'ana.

“Ndi netiweki imeneyi,” anatero Gashe.

“Nanga mafoni a ena akulira bwanji?”

“Amenewo ndi… amtundu wina.”

“Ndingopita kwa Ato Yimer.”

“Ayi, ayi, dikirani kaye! Ndiionenso.”

Anaitenga. Anaiika kukhutu ngati wotchi. Anaiuzira mpweya. Anaipukuta ndi kaburashi ka mawotchi m'timabowo monse. Mumtima munali kamawu kakuti, ndiwe Molla, yadwala chiigwirire iwe. Koma ankati akayang'ana deti, n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma, zonse zolondola. Alakwa chiyani? Ndiye aipereke kwa wa polishi uja, kuti mitu iwiri ija ikaweramenso pamodzi?

Lolemba m'mawa lubani sanafuke. Gashe atasuzumira anapeza Etiye atakhala pakampando kawo, mbaula yozizira, mpango uli kumaso, mapewa akugwedezeka. Sankalira mokweza ayi. Zaka zonsezi Gashe anali asanawaonepo akulira.

Anachotsa kagalasi m'diso. Anatenga foni. Anavala chipewa. Ndipo abale, anawoloka msewu! Chitsegulire shopu ija phazi lawo linali lisanapondeko. Anyamata a bajaji anaimba mahutala.

“Gashe akupita ku Italy! Pasipoti mwatenga?”

Sanacheuke.

“Gashe Molla!” anatero Ato Yimer. “Mwasochera kapena? Khalani, khalani.”

“Sindikhala. Foni ya Etiye yadwala. Mwina munawapatsira matenda potchera paja.”

Ato Yimer anaisisita kawiri, anawerenga timawu ta Chingerezi tija, anayang'ana deti, kenako kuseka mpaka kugwira tebulo.

“Ndani waibwezera kuchaka chimene ndinalibe imvi?”

“Chaka chimenecho n'cholondola. Kafunseni wansembe.”

“N'cholondola kwa ine ndi inu, Gashe. Koma makina amene amadutsitsa mauthengawa sanabatizidwe kuno. Ali kutali, m'mayiko ambirimbiri, ndipo onse anapangana nthawi imodzi. Foni ikagogoda kwa iwo, amayamba aona kaye ngati ikugwirizana nawo tsiku. Ndiye iyi ikufika n'kunena chaka chakalekale. Iwo akuti, ameneyu ndi wakuba kapena mzukwa, n'kutseka chitseko.”

“Mwano! Nanga iwowo nthawi amaitenga kwa ndani?”

“Amafunsa makina ena akuluakulu osunga nthawi. Wotchi yanga yapanjayo imafunsanso komweko, n'chifukwa chake imadzuka yokha.”

“Akuluakuluwo amafunsa ndani?”

“Mawotchi enaake osungidwa m'zipinda zozizira, ku Ulaya, ku Amereka, ku Asia, konsekonse. Amayerekezana okhaokha. Akuti atha kuyenda zaka miyandamiyanda osataya ngakhale sekondi.”

Osataya ngakhale sekondi!

“Amawapukusa ndani?”

“Sapukusidwa.”

“Bodza. Pali munthu. Wotchi iliyonse ili ndi munthu wake, ngakhale wongopukuta fumbi.”

Ndipo mukanaona nkhope yawo! Nsanje ina yatsopano inamera pomwepo pamwamba pa yakale. Kwinakwake kuli mdala wina amene dziko lonse limamufunsa nthawi, pomwe iwo, Molla, munthu mmodzi yekha wawakanika kusunga.

Ato Yimer anangogusa kabatani kaja kamodzi. Kamodzi kokha! Manambala anadumpha zaka zisanu ndi ziwiri, kenako foni inayamba: ting, ting, ting, ting, osalekeza, ngati mbuliwuli pamoto.

“Ndipatseni.”

Onse anatembenuka. Etiye Lubaba anali ataima pakhomo. Anali atawatsatira Gashe pambuyo, ndipo anamva zonse. Anatsegula uthenga woyamba, mawu a Fozia anadzaza shopu yonse, akulira: “Amayi, muli moyo? Bwanji simukuyankha? Amayi, ndiyankheni!” Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu mawu atasasa.

Etiye anajambula yankho pomwepo, misozi ikutsika: “Ndili bwino mwanawe, ndili bwino, inali foni chabe.” Uthenga unapita! Kenako anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa Gashe. Gashe anavula chipewa.

“Gashe Molla. Mwana wanga walira Lachisanu lonse kudziko la eni, ine ndalira kuno, chifukwa cha manja anuwo?”

“Ndimafuna kuti ikhale ya kwathu, Etiye.”

“Mumafuna kuti ndisawoloke msewu. Loweruka lomwe lija ndikanabwera kuno, inu n'kumati dikirani, dikirani, mukuiuzira mpweya ngati phala. Mukuyesa sindiona? Kagalasi kanu kaja kamandilondola ngati diso la nkhuku!”

Ato Yimer anayamba kukonza timabokosi timene tinali tokonzakonza kale. Gashe anafuna kutsokomola, chifuwa chinakana.

M'mawa mwake lubani anafukanso. Msewu wonse unkadikira, ngakhale ogulitsa nthochi anasiya kuitanira. Etiye anathira kapu yoyamba, yakuda bii, anaiika pathireyi, anadzuka, anadutsa pakhomo pa Gashe penipeni osacheuka, n'kuwoloka msewu. Kalanga ine! Gashe anailondola ndi maso mpaka inalowa m'shopu ya Ato Yimer. Yachiwiri inapita kwa anyamata a bajaji. Kwa Gashe kunafika yachitatu, madzi aja, yongoikidwa pawindo popanda mawu. Anamwa yonse. Mawa lake chimodzimodzi, anamwanso.

Lachisanu Fozia anaimba, nkhope yake ili mbee pagalasi, ndipo msewu wonse unaunjikana kumupatsa moni. Gashe okha anatsala m'kashopu, akunamizira kutanganidwa. Koma anamva Fozia akuti, “Ali kuti Gashe? Ndiwaone!” Etiye analozetsa foni kuwindo, nkhope atayang'anitsa kwina.

“Gashe, ndamva kuti mumabweza zaka! Inenso mundibwezeko zisanu ndi ziwiri, ndibwerere kusukulu, ndizidzamwa tiyi ndi amayi!”

Anthu anaseka. Gashe sanaseke. Anangoti, “Ndikanatha, mwana wanga, ndikanayamba ndi iwe.” Etiye anawayang'ana pang'ono, pang'ono chabe, n'kubweza foni.

Ndiye Lolemba linalo kunachitika zoti aliyense mumsewu uno amazinena mpaka lero. Khofi ali pamoto, Gashe anatulutsa mpando wawo wakale uja, anakwerapo mawondo akulira, anatsegula galasi la chiwotchi, anaika chala chotchuka chija pamuvi. Anatsokomola.

“Etiye, nthawi ili bwanji?”

Msewu wonse chete! Mnyamata wina wa bajaji mpaka anazimitsa injini. Gashe Molla kufunsa munthu nthawi?

Etiye sanafulumire. Anatakasa khofi. Anakupiza moto. Anawongola timakapu. Mdala ali pampando, mkono uli m'mwamba. Kenako anapisa m'thumba mwa diresi.

“Seveni ndi mphindi ziwiri, yachizungu. Sikisiyo muchotse nokha, paja ndinu katswiri.”

“Ndiye kuti yangayi…”

“Yatsalira. Anyamatawa akhala akukuuzani.”

Gashe anatseka maso. Kenako anakankha muvi, pang'onopang'ono, ngati akuzula dzino lawo lomwe.

“Ndachedwatu,” anatero ali pampando pomwepo.

Etiye analuma mlomo kuti asaseke, koma zinakanika. “Tsikani apo musanathyoke msana, ndilibe nthawi yokakuonani kuchipatala.”

Tsiku limenelo Gashe analandira kapu yachiwiri.

Mpaka pano ili yachiwiri yomweyo. M'mawa uliwonse amakwera pampando n'kufunsa, Etiye amawadikiritsa, kenako amayankha, ndipo nthawi zina amakangana mpaka khofi kusefukira. Gashe amauza aliyense kuti kapu yachiwiri ndiye yabwino, yoyamba imathamangitsa mtima, madokotala amaletsa. Za mdala wopukuta fumbi uja sanaiwale. Amati ameneyo ntchito yake njophweka, kuchipinda chozizira, kopanda fumbi la bajaji, adzayese kuno aone.

Koma thireyi ikanyamuka ndi kapu yoyamba, muwaone! Ntchito imaima, kagalasi kali m'diso, khosi likutembenuka pang'onopang'ono mpaka kutsidya. Ato Yimer amaima pakhomo pansi pa manambala ake ofiira, n'kukweza kapu kuwalonjera. Gashe nawo amakweza dzanja, kumwetulira mano onse panja, kwinaku akunong'ona:

“Imupsereze lilime.”